Mpatseni diresi m'manja: momwe ndimayesera ophunzira a mbiri ya zovala kuno ku Joni

Chaka changa choyamba kuphunzitsa mbiri ya zovala pa koleji ina kuno ku Joni, ndinakonza mayeso amene ndinkanyadira nawo kwabasi. Mafunso 50, onse a mayina ndi zaka. Charles Frederick Worth anatsegula liti nyumba yake yosokera zovala ku Paris? 1858. Christian Dior anatulutsa liti sitayelo yake ya zovala yotchedwa New Look? 1947. Ana analoweza ngati katekisimu wa m'kalasi ya ubatizo, anakhoza mochititsa kaso, ine n'kumayenda m'khonde la koleji mapewa ali m'mwamba.

Patangotha masabata awiri, mtsikana amene anatsogola kalasi yonse ndi malikisi 88 anandipeza mu ofesi atanyamula diresi imene anatola pa Dunusa, kaunjika wa m'tauni muja kufupi ndi Park Station. Chimwemwe chili tsaya, akuti wapeza diresi yeniyeni ya m'ma 1920. Kunja inalidi yofanana nazo: chiuno chotsika, timikanda pachifuwa. Ndinaitembenuza. Kumsana zipi ya pulasitiki, misoko yonse ya ovaloku (makina osokera m'mphepete mwa nsalu), ndipo m'mbali kansalu kolembedwa 100% polyester. Nsalu ya polyester inapangidwa koyamba mu 1941. Mwanayo sanaganize n'komwe zoyang'ana m'kati, chifukwa ine mphunzitsi wake ndinali ndisanamufunsepo za m'kati mwa chovala. Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo.

Ndikulembera inu amene mwapatsidwa phunziroli kumene, komanso inu amene mumaphunzitsa achinyamata kusoka m'zipinda zakuseri ku Mayfair ndi ku Rosettenville ndipo mumafuna kudziwa ngati zikulowa. Zambiri mwa izi ndinaziona kalekale kwa bambo anga, amene anali telala pakhonde la sitolo ku Limbe. Mnyamata akabwera kudzafuna ntchito, sankamufunsa satifiketi. Ankangomuponyera buluku n'kunena kuti, "Tandiuza, iwe, anasoka uyu ndi telala kapena fakitale? Wadziwa bwanji?" Funso lachiwirilo ndiye linali mayeso.

Poyambira ndi papepala lija ambirife timadana nalo, la zolinga za phunziro. Koleji yovomerezeka iliyonse ili nalo, poti pulogalamu imayenera kuvomerezedwa ndi Council on Higher Education ndi kulembetsedwa ku SAQA, bungwe losunga ndandanda ya maphunziro ovomerezeka.  Zimenezo mukazipeza kale m'fayelo. Ntchito yanu ndi kuwerenga cholinga chilichonse n'kudzifunsa kuti, kodi ichi ndingachione ndi maso? Mukapeza mawu onga akuti wophunzira "amvetse" kapena "ayamikire" mbiri ya zovala, dziwani kuti pamenepo palibe choyesa. Kumvetsa kumakhala m'mutu, ndipo m'mutu mwa mwana simungalowemo ndi bolopeni yofiira. Ine ndinazilembanso m'kope langa mwa njira yanga, zinayi zokha. Mwana azitha kunena nthawi imene chovala chinasokedwa n'kupereka umboni. Azitha kufotokoza chimene chinasintha kavalidwe, kaya nkhondo, lamulo, makina, ndalama kapena mpingo. Azitha kufufuza n'kunena kumene wazitenga. Azitha kutengera mbiriyo m'zojambula zake popanda kuba. Funso lililonse limene ndilemba ndimaliika nambala ya cholinga pambali ndi pensulo. Likasowa nambala, ndimalitaya, ngakhale likome bwanji.

Tsopano mayeso enieniwo, amene ana amawatchula kuti "a sutikesi".

Ndili ndi masutikesi awiri a zovala pansi pa tebulo mu ofesi. Simufunika ndalama zambiri kuti mukhale nazo. Pitani pa Dunusa Loweruka m'mamawa, weramani ngati anzanu onse, koma inu muziyang'ana malebulo ndi mazipi m'malo mwa kukongola. Jekete yanga imodzi ndinaigula R30, ili ndi lebulo ya Made in West Germany. Dziko limenelo linakhalapo kuyambira 1949 mpaka 1990, ndiye lebulo yokhayo yatchinga kale mbali zonse ziwiri. Ndili ndi diresi ya zipi yachitsulo m'mbali, jinzi ya timisomali tamkuwa m'makona a matumba, bulauzi yoyera ya Amayi a Mvano imene anandipatsa azakhali anga, bulangete la Basotho, chitenje chakale cha mayi anga, ndi zidutswa ziwiri za nsalu ya shweshwe zimene ndinagula ku Fordsburg, china chenicheni china chongotengera.

Tsiku la mayeso ndimayala matebulo 8, chovala chimodzi pa tebulo lililonse, pambali pake tepi yoyezera ndi kagalasi kokulitsira. Ana asambe m'manja, alembe ndi pensulo kuti inki isadonthere pansalu, mafoni onse m'bokosi pakhomo. Tebulo lililonse mphindi 10, belu likalira asunthe. Kalasi ikakhala yaikulu muigawe m'magulu, ndipo gulu lachiwiri lisakumane ndi loyamba m'khonde, apo ayi likasa layenda. Mafunso ndi atatu, omwewo pa tebulo lililonse. Ukuona chiyani? Zimene waonazo zikukuuza chiyani za nthawi ndi malo? Ankavala ndani, popita kuti, ndipo n'chiyani chakuganizitsa zimenezo? Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti Jules Prown wa ku Yale analemba njira yonga yomweyi mu 1982, yofotokoza kaye chinthu, kenako kutolapo umboni, kenako kulingalira. Bambo anga sanamumvepo munthuyo.

Funso loyamba limaoneka lachibwana koma ndi pamene ambiri amagwera. Mwana amathamangira kulemba "Victorian" asanawerenge n'komwe mabatani. Ndimawauza semesita isanafike pakati kuti pafunso limeneli ndikufuna zimene wakhungu angajambule m'mutu mwake atamva: nsalu yolukidwa bwanji, yolemera bwanji, msoko wamanja kapena wamakina, mpendero wotalika masentimita angati, pena pothothoka, pena pokhala chigamba.

Sindidzaiwala mtsikana wina wa ku Sebokeng pa tebulo la shweshwe. Chingerezi chimamuvuta, m'kalasi sankayankhula. Anatenga chidutswa choyamba, anachipinda pafupi ndi khutu kuti amve kukhwekhwereza kwake, anachinunkhiza, kenako poganiza kuti sindikumuona anachinyambita pakona. Anayeza mulifupi n'kupeza masentimita 90. Anatembenuza n'kupeza chidindo cha amphaka atatu kumbuyo. Chachiwiri anangochigwira kamodzi n'kuchikankhira pambali. Papepala lake analemba kuti choyambacho n'cha Da Gama Textiles ya ku Zwelitsha ku Eastern Cape, n'cholimba chifukwa cha sitachi, ndipo sichinachapidwepo, poti agogo ake amayamba aviika nsalu yotere m'madzi asanaidule. Anawonjezera kuti dzinalo limachokera kwa mfumu ya Basotho, Moshoeshoe, amene amishonale a ku France anamupatsa nsalu zotere m'ma 1840, ndipo kuti kwawo mkamwana watsopano amavala imeneyi. Ziganizo zake zinali zothyokathyoka. Ndinamupatsa 10 pa 10.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi aphunzitsi anzanga ena, ndiye ndinene mosabisa. Pa malikisi 10 a tebulo, 3 ndi a kuona, 4 ndi a umboni, 3 ndi a kulingalira. Chaka chenichenicho pachokha sichilemera. Tengani jekete yachikazi ya mapewa otukuka. Mwana woyamba walemba kuti ndi ya m'ma 1940, chifukwa mapewa ndi a makona ngati a msilikali, nsalu ndi yochepa, ndipo ku Britain zovala zinayamba kugulidwa ndi makuponi mu 1941. Walakwa, jeketeyo ndi ya m'ma 1980. Wachiwiri wangolemba kuti 1980s, basi, wakhoza. Woyamba ndimamupatsa 6, wachiwiri 2. Wachitatu amene waona mapewa omwewo, kenako n'kutembenuza n'kupeza ovaloku ndi kalebulo ka zizindikiro za kachapidwe, n'kunena kuti iyi ndi ya m'ma 1980 imene inabwereka mapewa a m'ma 1940, ameneyo watenga onse. Wachiwiriyo adzabwera ku ofesi kudzadandaula, musakayike. N'chifukwa chake zimenezi muziwauza sabata yoyamba, ndipo muyeserere nawo kawiri kapena katatu m'kalasi popanda malikisi.

Sindikuti zaka zitayidwe. Munthu sangasoke opanda ulusi. Lolemba lililonse pamakhala timafunso ta mphindi 5: makina a Singer 1851, utoto wofiirira wa William Perkin 1856, timisomali ta Levi Strauss ndi Jacob Davis 1873, kadiresi kakuda ka Chanel mu Vogue 1926. Tonse pamodzi timangotenga 10 peresenti ya semesita, ndipo ana amachongerana okha. Zakwana.

Chimene ndimafuna n'chakuti zakazo zigwire ntchito. Patsiku la sutikesi ndimawonjezera funso limodzi lolemba, la mphindi 30, ndipo limene ndimalikonda kwambiri ndi la siketi. Ndimawapatsa mfundo zinayi. M'ma 1960 Mary Quant anatchukitsa mini, siketi yaifupi, ku London. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa Decency in Dress Act, lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, limene linachotsedwa mu 1993. Mu February 2008, pa renki ya matakisi ya Noord kuno ku Joni, mtsikana anachitidwa chipongwe chifukwa cha mini, amayi n'kuguba atavala mamini. Mu January 2012 mavenda anavula amayi ovala mabuluku ku Lilongwe ndi ku Blantyre, lamulo lija litachoka zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo. Funso: amalamula kutalika kwa siketi ndi ndani? Yankho lolondola palibe. Ndimachonga ngati mwana wagwiritsa ntchito mfundo zosachepera zitatu, ngati wasiyanitsa mphamvu ya lamulo ndi mphamvu ya anthu mumsewu, ndiponso ngati watsutsapo maganizo ake omwe penapake. Ine ndinakula m'nthawi ya lamulo limenelo, ndipo buluku langa loyamba ndinavala ndili wamkulu kale, mtima ukugunda ngati ndaba. Zimenezo ndimawauza mayeso atatha, kuti asalembe zongondisangalatsa.

Nkhani yaitali yolembera kunyumba ndinaisiya. Kuchokera pamene ChatGPT, pulogalamu ya kompyuta yolembera munthu nkhani, inatuluka kumapeto kwa 2022, ndinayamba kulandira nkhani zosalala ngati zositidwa, chikomekome cha mkuyu. Ina inatchula mabuku atatu amene ndinawasaka usiku wonse osawapeza, poti kulibe. Mapulogalamu ozindikira zolembedwa ndi makina sindiwakhulupirira, amatha kunamizira mwana wosalakwa, makamaka amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu ndipo amalemba mwaulemu ngati kalata yofunsira ntchito. M'malo mokhala wapolisi, ndinasintha ntchitoyo.

Tsopano aliyense amabweretsa chithunzi cha pabanja pake chojambulidwa iye asanabadwe. Acheze ndi wamkulu amene akuchidziwa, pamaso kapena pa WhatsApp, alembe tsiku limene anachezalo. Alembe mawu 1,200 onena kuti chithunzicho n'cha liti, zovalazo zinachokera kuti, ndipo anthuwo ankafuna kuoneka ngati ndani. Atchule magwero atatu kupatula wachibaleyo. Kenako aime pamaso panga mphindi 5 ndimufunse. Makina sadziwa agogo a munthu, ndipo amene sanalembe yekha amaonekera pafunso lachiwiri. Zithunzi zenizeni musamazisunge, zijambuleni ndi foni n'kubweza tsiku lomwelo, ndipo banja livomereze kaye. Pamakhalanso ana opanda chithunzi ngakhale chimodzi, ena anathawa nkhondo ku Congo, ena ndi amasiye. Musawachititse manyazi. Nenani kuyambira pachiyambi kuti aliyense ali ndi ufulu wosankha chithunzi cha m'magazini ya Drum cha Sophiatown wa m'ma 1950, kapena kukapeza china ku Museum Africa ku Newtown, popanda kufotokoza chifukwa.

Chaka china munali mnyamata wa kwathu m'kalasi, wa ku Mangochi, bambo ake amasoka ku Mayfair. Anabweretsa chithunzi cha agogo ake aamuna ataima mu situdiyo: suti ya kolala yotambalala ngati khutu la njovu, tayi wonenepa, chipewa chopendekeka, wotchi yoonetsedwa dala, dzanja lili pa wailesi. Kumbuyo kunalibe chaka. Mnyamatayo anayamba ndi kolala ndi tayi n'kunena kuti ndi m'ma 1970. Kenako agogo ake aakazi anamuuza pafoni kuti amuna awo anabwerako ku migodi "ndege itagwa". Anafufuza n'kupeza kuti ndege ya Wenela, kampani yotenga anthu opita ku migodi, inagwa ku Francistown ku Botswana mu April 1974, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu opita ku migodi zitangochitika. Ndiye anachiika chithunzicho pakati pa 1974 ndi 1975. Ndinamufunsa kuti, munthu wogwira ntchito pansi pa nthaka, suti ya chiyani? Anakhala chete kanthawi, kenako anati agogo ake sanafune kuti kumudzi aone fumbi, anafuna aone Joni. Anayerekeza ndi maswenka, Azulu a m'mahositelo a ku Jeppe amene amapikisana kutchena Loweruka usiku. Nditamufunsa kusiyana kwake anati maswenka amatchenera oweruza, pamene agogo ake ankatchenera apongozi.

Koma apa pali msampha, makamaka kwa ife okhala kunja. Mnyamata ameneyu m'kalasi ankanditchula Madam, panja ankati Anti, ndipo bambo ake anandisokerapo makatani. Wakwanu ndi wakwanu, dzanja limapepuka lokha. Pepala lake ndinapempha mphunzitsi mnzanga kuti achonge, ndipo pofunsa mafunso apakamwa timakhala awiri nthawi zonse, kwa mwana aliyense. Mapepala a sutikesi amalembedwa nambala, osati dzina. Za chinenero, yambani mwaona malamulo a koleji yanu. Kwathu zolemba zimakhala m'Chingerezi, koma pa rubric yanga, pepala losonyeza kagawidwe ka malikisi, galamala imangotenga malikisi 5 pa 100, ndipo pakamwa mwana akakakamira ndimamulola amalize chiganizo m'Chizulu, m'Chisutu kapena m'Chichewa, bola mmodzi wa ife oyesa akumva. Mawu a ntchito okha, monga bias cut kapena dart, ayenera kuwatchula molondola, chifukwa ku fakitale akawafuna.

Ntchito yotsala ndi bolodi la zojambula, limene limalumikiza mbiri ndi ntchito yawo yojambula ndi kusoka zovala. Lamulo lake ndi limodzi: chilichonse chimene wabwereka uchitchule dzina, kwawo, nthawi yake, ndi chimene iwe wasinthapo. Wolemba kuti "African print" basi, malikisi amachoka. Nsalu ya wakisi imene timaiyesa yathuyathu inayamba ngati kutengera batik wa ku Java, ndipo Vlisco ya ku Helmond ku Netherlands inayamba mu 1846. Ndimawaonetsa momwe wopanga zovala wa kuno, Laduma Ngxokolo, anatengera mikanda ya Chixhosa m'majuzi a MaXhosa, momwe kampani ya zovala ya Zara inachotsera m'masitolo masokosi ofanana ndi ake mu 2018 anthu atadandaula, ndi momwe Thebe Magugu, amene anapata LVMH Prize, mphoto ya opanga zovala achinyamata, mu 2019, amafotokozera kumene nkhani ya chovala chilichonse yachokera. Ndiye kagawidwe kanga ndi aka: timafunso 10, chithunzi 35, bolodi 20, sutikesi ndi funso lolemba 35. Wokhoza ayambire pa 50.

Rubric iperekedwe sabata yoyamba, koma kungoipereka sikuthandiza, saiwerenga. Ndimatenga mapepala atatu a chaka chatha, ndadula mayina, n'kuwauza kuti achonge iwowo m'magulu. Amakhala ankhanza kuposa ine, ndipo mkangano umene umabuka pamenepo umaphunzitsa kuposa ine nditaima kutsogolo ola lathunthu. Pochonga zenizeni, yambani ndi mapepala atatu pamodzi ndi mnzanu, aliyense payekha, kenako muyerekeze. Mukasiyana ndi malikisi opitirira 10, vuto lili pa rubric, ikonzeni musanapitirire. Chongani funso limodzi m'mapepala onse musanapite ku lina. Ndipo musachonge ndi kandulo magetsi atathima. Ndinayesapo, m'mawa ndinapeza kuti amene anali pansi pa mulu ndinawalanga chifukwa cha tulo tanga.

Malikisi akalowa m'kompyuta ambiri timapuma, koma timanambala tija ta pensulo ntchito yake ndi pano. Ikani zolinga zinayi m'mizere inayi, muone pamene kalasi yatsika. Chaka chathachi ana anga anachita bwino pa kuona ndi pa kufufuza, koma pa tebulo la bulangete la Basotho pafupifupi onse anagwa. Anafotokoza ubweya, mizere ndi chithunzi cha chimanga, n'kuthera pomwepo. Palibe amene anadziwa kuti mabulangete amenewa amalukidwa ndi kampani ya Aranda ku Randfontein, ulendo wa ola limodzi kuchokera pakalasi pathu, kapena kuti bulangete lotchedwa Seanamarena ndi la ulemu wachifumu. Nditabwerera ku ndandanda ya maphunziro ndinapeza kuti Paris ndinamupatsa masabata 6, kum'mwera kwa Africa kuno sabata imodzi, yomwenso inadyedwa ndi holide. Chaka chino ndachotsa sabata imodzi kwa Poiret ndi ina kwa Dior, onse opanga zovala a ku Paris, ndipo bulangetelo likubwereranso pa tebulo lomwelo kuti ndione ngati zasintha. Moderator, woyang'anira mayeso wochokera kunja kwa koleji, akabwera ndimamuonetsa pepala lomweli, limamuuza zambiri kuposa mndandanda wa okhoza ndi olephera.

Diresi ya polyester ija ndinaigula kwa mtsikana uja pa mtengo umene iye anagulira, ndipo ndi imene imakhala pa tebulo loyamba. Ulendo wathawu, mwa ana 31, ana 9 analembabe kuti ndi ya m'ma 1920. Ena onse anayamba aitembenuza.